Foni Inakana Kuduka Pamapeyala

Ndiyambe ndi kunena kuti ntchitoyo ndinaigwira bwino. Zina zimene mumve pano, zoti ndinagwada pamaso pa alendo thukuta lili kamukamu, zoti akazi anga anatha masiku akundiyankha ndi mphuno, n'zoona ndithu, sindikukana. Koma ntchito payokha inalibe banga, ndipo aliyense amene analipo ku Dzivarasekwa tsiku lija akhoza kundichitira umboni. Chovuta n'chakuti analipo ambiri.

Ine ndimakonza mafoni pamashopu a pa Machipisa. Makolo athu anachokera ku Dedza, ife tinabadwira pafamu ya fodya m'dziko lino la Ashona, ndipo mafamu atasokonekera tinakweza katundu palole n'kubwera m'tauni. Achemwali anga anapeza malo m'tauni momwemo, kudera la Dzivarasekwa: nyumba yaikulu kutsogolo, kanyumba kena kuseri, ndi kashopu pageti. Zinali zaka zija magetsi ankabwera anthu atagona n'kuchoka asanadzuke, madzi a m'mpopi akubwera ngati mlendo wosapangana naye, mizere ya petulo ikukhota misewu iwiri.

M'zaka zomwezo Chisomo, mwana wa achemwali, anapeza mnyamata wa Chishona dzina lake Tendai, woyendetsa ambulansi, waulemu mpaka kuchititsa manyazi. Akwawo anatumiza mawu kuti akubwera kudzapereka roora, kumene kuli kulowola kwa eni dziko kuno. Ine monga malume wa mwana ndinali nkhoswe. Koma mwini mbumba weniweni ndi a Malume athu a ku Dedza, mlongo wa malemu mayi athu, amene anapuma pantchito yomasulira mawu kukhoti. Miyendo inali itawakana, ulendo wa basi sakanautha, koma anatumiza uthenga womveka bwino.

"Mwanayo sakwatiwa ine osamva. Ndimve za pageti, za pabalaza, ndi za kwa amayi kuseri. Zonse."

Mwambowo umayendadi chomwecho. Alendo amalandiridwa pageti, abambo amakambirana pabalaza, amayi ndi mtsikana amakhala kuseri, ndiye nkhani imapita uku n'kubwerera uku. Kuti a Malume amve zonse, panafunika foni yoyenda nayo pabwalo ponse, vidiyo ili yoyaka, osaduka. Netiweki ya mafoni a m'manja sitikanaidalira, chifukwa magetsi akazima nsanja zake zinkazimanso. Mwayi wake achemwali anali ndi intaneti ya waya, imene ankagulitsako kwa makasitomala a pashopu, ndi sola yokhala ndi batire ya lole.

"Musadandaule, achemwali," ndinatero ndikudzigunda pachifuwa. "Imeneyo ndi mbali yanga."

(Muwakumbukire mawu amenewa mukadzamva munthu akuwanena. Mum'patse madzi akhale pansi.)

Ndinatola marauta awiri akale pa Machipisa, timabokosi ta tinyanga tija timene timamwaza waifai, kuwonjezera pa imene inali kale pabalaza. Ina ndinaika kushopu, ina m'kanyumba ka kuseri, n'kukoka kebulo m'mphepete mwa denga. Iliyonse ndinaipatsa dzina lake: Geti, Nyumba, Kuseri. Ndinawayang'ana akuphethira timagetsi tobiriwira, mtima wanga unati myaa.

Poyesa, akazi anga, amake Tadala, ankakhala m'shopu ndi foni yawo, ine n'kuwaimbira pavidiyo, n'kuyamba kuyenda. Pageti zinali bwino. Pabalaza zinali bwino. Ndikatuluka khomo la kukhitchini kulowera kuseri, pali mtengo wa mapeyala pakati pa nyumba ziwirizo. Ndikangofika pamtengopo, nkhope ya amake Tadala inkauma pagalasi, pakamwa pali yasa, kenako foni n'kuduka.

Chifukwa chake ndinachiona msanga. Foni ikagwira rauta imodzi imakakamira pomwepo, ngakhale ina yamphamvu ili pamphuno pake. Kwa iyo, Nyumba ndi Kuseri anali mabanja awiri osadziwana, ndiye inkadikira kuti Nyumba ifere m'manja mwake isanaganize zosamuka. Ndinafufuta maina atatu aja n'kupatsa onse dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi, kuti foni izingoona ngati ili pakhomo limodzi.

"Tsopano muone," ndinawauza achemwali.

Anaonadi. Foni inayamba kusamuka, tinyanga ta waifai todzaza bwinobwino, koma intaneti kulibe. Amake Tadala anauma pagalasi pamapeyala pomwe paja. Ndinakhala pansi ndi laputopu, n'kupeza kuti rauta iliyonse inkadziyesa bwana. Pa netiweki chipangizo chilichonse chimapatsidwa nambala yake, ndipo wogawa manambalawo ayenera kukhala mmodzi. Kwa ine ogawa anali atatu, ngati makondakitala atatu m'minibasi imodzi, aliyense akulozera munthu mpando wakewake. Foni ikasamuka inkayamba kupemphanso nambala, ndipo nthawi imeneyo vidiyo n'kufa. Ndinawalanda udindowo awiri aja, n'kusiya rauta ya pabalaza yokha kuti izigawa. Ndinapezanso kuti makebulo ndinawalowetsa pabowo lolandirira intaneti ya kunja m'malo mwa mabowo a m'nyumba. (Ichi sindinauze munthu. Ndinangosuntha mwakachetechete achemwali atapita kukapereka chenji.)

Zinasintha, koma sizinathe. Mawu ankadukaduka ngati munthu wa chibwibwi. Nditafufuza ndinaona kuti marauta onse atatu ankalankhulira pachanelo chimodzi, pamodzi ndi a nyumba zoyandikana, aliyense kukuwa pamwamba pa mnzake ngati mavenda a pamsika. Ndinawasiyanitsa: wa pageti chanelo 1, wa pabalaza 6, wa kuseri 11. Chibwibwi chinatha. Koma pamapeyala, duu.

Apa n'kuti nditayenda njira imeneyi kwa masiku ambiri, foni ili m'mwamba, ndikufuula kuti "Mukundimva? Mukundimva?" Mayi wina wa ku Tete wokhala nyumba yotsatira anawaitana achemwali pampanda n'kuwafunsa monong'ona ngati ndalowa mpingo watsopano.

Ndipo pali chizolowezi china chimene chinandilowa osadziwa. Popeza foni inkaduka pamtengo paja nthawi zonse, pamenepo panasanduka popumira panga. Ikangoduka ndinkaima pamthunzi n'kutulutsa zakukhosi. Ndinkanyoza rauta. Ndinkanyoza a magetsi. Ndinkanena za tiyi wa achemwali amene shuga wake amangomuonetsa kapu patali. Palibe ankamva, mtima unkapepuka, kenako ndinkabwerera pageti kukayambiranso.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri n'chakuti vutolo linkasintha ndi masiku. Tsiku lina foni inkatsala pang'ono kudutsa, tsiku lina inkafa ndisanafike n'komwe pamtengo. Ndinaganizira mitambo. Ndinaganizira batire. Ndinafika poganizira mayi wa ku Tete uja. Ndiye masana ena, nditatopa, ndinatsamira migolo ya madzi imene achemwali anaisanjikiza pakhonde la kanyumba ka kuseri. Msana unamva kuzizira. Migolo inali yodzaza, pakuti madzi anali atabwera dzulo lake. Ndinayang'ana migolo, ndinayang'ana zenera limene ndinaikapo rauta, kuseri kwenikweni kwa migoloyo. Ndinaimirira pang'onopang'ono.

Madzi amamwa waifai. Migolo ikakhala yopanda kanthu, mphamvu inkadutsa n'kufika pamtengo. Ikadzaza, inkakhala ngati khoma. Palibe anandiuza zimenezi, abale anga. Ndinazipeza ndekha, ndi msana wanga.

Ndinakwera pampando n'kukhomera rauta ija pamwamba, pansi pa denga, pamene inkaonana ndi mtengo maso ndi maso. Kenako ndinachita chinthu chimene mtima unkakana: ndinachepetsa mphamvu ya rauta ya pabalaza. Poyamba ndinali nditaikweza mpaka kumapeto poganiza kuti yamphamvu ndiye yabwino, osadziwa kuti n'chifukwa chake foni inkaikakamira mpaka kutali, kumene inkaimva koma yosatha kuiyankha. Nditaichepetsa, foni inayamba kutaya Nyumba nthawi yabwino n'kugwira Kuseri isanagwe.

Linali Lachisanu madzulo, mwambo uli mawa lake. Ndinaimbira amake Tadala, n'kuyenda kuchokera pageti, kudutsa pabalaza, kutulukira kukhitchini, kudutsa pamapeyala, mpaka kulowa m'kanyumba. Nkhope yawo sinaume ngakhale pang'ono.

"Ndikukuonanibe, bambo a Tadala," anatero. "Mwasiya kuvinako? Anthu akukuonani."

Ndinayesa kamodzi kokhako, chifukwa batire inali itatsika ndipo tinafuna kuisungira mawa. Mutu wanga unadziwa kuti vuto latha. Koma pakamwa panga palibe anakapauza.

Madzulo omwewo a Malume anatipatsa malangizo. "Mawa nkhope zolimba," anatero. "Asaone kuti mnyamatayo tamukonda. Akaona mano, atitenga ngati anthu otaya mwana."

Loweruka alendo anafika atatsogozedwa ndi sekuru a Tendai, ndiye kuti malume ake, bambo wamtali wa imvi, atavala suti yabulauni ya makolala aakulu. Tendai mwiniwake anamusiya m'galimoto monga mwa mwambo wawo, koma foni yake anaiika patebulo pabalaza, atailumikiza ku sipika yaikulu. Pavidiyo tinalipo anayi: a Malume ku Dedza, mayi a Tendai amene amagwira ntchito ku Joni, foni ya patebulo ija, ndi yanga yoyenda nayo. Ndikakhala pabalaza, yanga ndinkaitseka mawu kuti isalirizane ndi sipika. Ndikatuluka ndinkaitsegula kuti a Malume amve za kumene ndikupita.

Pageti zinayenda ngati mafuta. A Malume analonjera alendo ali ku Dedza, alendo anaomba m'manja, ine ndikuyenda chammbuyo foni ili m'mwamba ngati mtolankhani. Ndinamva wina akunong'ona m'Chishona kuti a ku Malawi awa ndi otsogola. Ndinatukula mapewa.

Pabalaza a Malume anapempha kuti anenepo mawu awiri. Munthu amene anakhala moyo wake wonse akumasulira kukhoti sanena chinthu kamodzi. Ankanena m'Chichewa, kenako n'kudzimasulira okha m'Chingerezi kuti alendo amve, kenako n'kubwereranso ku Chichewa kukakonza pamene Chingerezicho chalakwitsa. Anayambira pa agogo awo. Dzuwa linafika pamutu tisanafike n'komwe pa kubadwa kwa achemwali. Mimba zinayamba kulira.

Pomaliza anati, "Tsopano mphwanga, nditengere kwa amayi, ndikamve mwanayo ngati anthuwa akuwadziwa."

Ndinatsegula mawu, n'kutuluka. Pakhomo la kukhitchini achemwali anandikhazika kireti ya zakumwa m'manja. "Popeza mukupita komweko," anatero. Manja onse awiri atagwira, foni ndinaiponya m'thumba la malaya, la pachifuwa.

Pamapeyala ndinakumana ndi amake Tadala atanyamula beseni la mbale. Ndinatula kireti pansi pamthunzi. Miyendo inaima yokha pamalo ake a masiku onse, ndipo pakamwa panatseguka pokha.

"Zikuyenda bwanji uko?" anafunsa.

"Kuyenda? Madala a ku Dedza aja atsegula khoti! Tifa ndi njala lero." Ndinatsina mphuno n'kuyamba kuwayerekeza. "'Eee, agogo athu, kapena ndinene kuti, eee, makolo a makolo athu...' Nkhuku yazizira kalekale, iwo akadali m'chaka cha dzombe."

Amake Tadala anaseka. (Ndikunena izi kuti zidziwike. Anaseka.) "Nanga alendo?"

"Sekuru aja asinza kawiri konse. Ndiye suti yawoyo, mayi! Fungo la mankhwala a njenjete mpaka maso kuwawa. Ndikuganiza anaifukula."

"Inu, tsitsani mawu."

"Amva ndani pano? Koma amake Tadala, tisanamizane. Nkhope tikulimbitsazi n'zabodza. Mnyamata uja ndi wabwino. Akanabwera ndi nkhuku imodzi yotsimphina, ine ndikanawapatsa mwanayo, n'kuwaperekezanso. Achemwali sakugona tulo kuopa kuti angasinthe maganizo."

Pamenepo chifuwa changa chinayankhula.

"Iwe mphwanga."

Amake Tadala anagwetsa supuni. Ine ndinapisa m'thumba n'kutulutsa foni. A Malume anali pomwepo, magalasi ali pamphuno, chithunzi chowala bwino mpaka ndinkatha kuwerenga makwinya a pachipumi. Pambali pawo mayi a Tendai atagwira pakamwa. Pamwamba, tinyanga ta waifai todzaza.

Tsopano apa ndi pamene ndimafuna mundimvetse. Munthu wanzeru akanapepesa nthawi yomweyo. Ine chimene chinatuluka m'kamwa mwanga, mokweza, ndi chimwemwe chochokera pansi pa mtima, chinali ichi:

"Yagwira! Amake Tadala, sinaduke! Pamapeyala penipeni, ili m'thumba, migolo yodzaza!"

Ndisanatseke pakamwa ndinamva mawu anga omwe akutuluka pazenera la pabalaza, mochedwerako pang'ono, aakulu ngati a mlaliki wa pamsika: "...migolo yodzaza!" Ndipamene ndinakumbukira sipika ija. Sanali a Malume okha amene anamva. Balaza lonse linamva, kuyambira khoti, njenjete, mpaka nkhuku yotsimphina.

Kuchokera pamtengo kufika pabalaza si patali, koma tsiku limenelo ndinayenda ngati ndikupita ku Dedza wapansi. Achemwali anali chiimire pakhomo la kukhitchini. Anangondiyang'ana ndi maso aja ankandiyang'ana nawo ndili mwana ndikakodza pamphasa. Ndinadziwa chimene chinali m'mutu mwawo, chifukwa chinalinso m'mutu mwanga: anthu awa akaimirira n'kutuluka, Chisomo ndidzamuuza chiyani?

Chiyembekezo changa chinali chimodzi, chakuti alendowo samva Chichewa.

Ndinalowa pabalaza. Ndinagwada pakati, foni ndinaiika pansi, n'kuyamba kuomba m'manja mwa Chishona, mutu uli pansi. Ndinayamba kupepesa m'Chishona changa cha pa Machipisa. Sekuru anakweza dzanja kundiletsa. Anakonza kolala ya suti yawo, n'kuyankhula m'Chichewa chosalala kuposa cha ana anga.

"Achimwene, musavutike. Ine ndinakulira pamgodi, anzanga onse anali a kwanu."

Ndinafuna pansi patseguke.

"Za kusinza, ndasinzadi," anapitiriza. "Za suti, simunaname. Yakhala m'bokosi kudikira tsiku la mwana ameneyu, ndipo fungo lake landizunza ine ndemwe kuchokera kwathu ku Mabvuku. Anthu m'galimoto anatsegula mawindo." Anaima pang'ono, nkhope ili yowuma. "Koma ya nkhuku yotsimphina ija taimva bwino. Titume munthu akaifune?"

Wina kumbuyo analephera kudzigwira. Kenako balaza lonse linaphulika. Abambo akuluakulu ankapukuta misozi ndi mataye. Amene sanamve Chichewa ankakoka anzawo malaya kuti awamasulire, akamva n'kuyambiranso kuseka paokha.

A Malume okha sanaseke. Anadikira phokoso lithe, n'kutsokomola m'sipika.

"Mphwanga, ndakhala kukhoti zaka zambiri. Sindinaonepo mboni yogulitsa mbali yake yomwe isanafunsidwe n'komwe." Anavula magalasi. "Upereka tambala kwa alendowa, woyenda bwino miyendo yonse. Ndipo chinanso. Ine sindiyankhulira m'mphuno."

"Pepani a Malume."

"Koma ndinene chilungamo pamaso pa anthu. Mawu ako onse ndawamva bwinobwino. Silinaduke ngakhale limodzi."

Ndikuuzani zoona, ndili chigwadire choncho, m'mtima ndinamva kukoma.

Kenako mayi a Tendai anapempha kuyankhula kuchokera ku Joni. Anati iwonso anali asakugona, poopa kuti a ku Malawi akana mwana wawo chifukwa ndi wa mtundu wina, ndipo nkhope zolimba zimene ankaziona pavidiyo kuyambira m'mawa zinawathetsa mphamvu. "Tsopano ndamva zimene mumanena mukakhala panokha," anatero. "Mtima wanga wakhala pansi." Achemwali, amene anali atasuzumira pakhomo, anapukuta m'maso ndi chitenje, ngakhale kuti ine sanasiye kundiyang'ana moopseza.

Zokambirana zinatha mofulumira kuposa mmene aliyense ankaganizira. Nkhope zolimba zinali zitatha ntchito. Alendo anapereka zonse zimene anakonzekera, osachotsapo kanthu, sekuru akuti sanabwere kudzatsitsa mtengo koma kudzathokoza. Ndinanyamulanso foni kupita nayo kuseri, ulendo uno ili m'manja, pakamwa nditatseka ngati ndamwa guluu. A Malume anamufunsa Chisomo ngati anthuwo akuwadziwa, iye anavomera mwamanyazi, amayi analulutira, ndipo nthungululuzo zinamveka ku Dedza ndi ku Joni nthawi imodzi.

Tambala ndinapereka. Achemwali anandikhululukira patapita nthawi, koma nkhani ya tulo ija amaikumbutsabe. Amake Tadala amati chimene chinawapweteka si zimene ndinanena, koma kuti kuseka kwawo kunamvekanso m'sipika, ndipo mpaka lero amaumirira kuti chinali chifuwa.

Patsiku la ukwati sekuru anandipeza pakhomo la tchalitchi atavala suti yatsopano yotuwa. Asanandipatse moni analoza thumba langa la pachifuwa.

"Muli anthu angati umo?"

"Mulibe, sekuru. Ndazimitsa."

Anandikokera pambali n'kunong'ona kuti kunyumba kwawo ku Mabvuku waifai safika kuchipinda, ndipo sakufuna munthu wina aliyense koma ine, chifukwa ntchito yanga anaimva ndi makutu awo.

Anthu amandifunsa ngati ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira ndithu: rauta isakhale kuseri kwa migolo, wogawa manambala akhale mmodzi, ndipo mphamvu ikachuluka foni imakakamira. Amake Tadala amati pali phunziro linanso lalikulu limene ndikulisiya dala. Mwina lilipo. Koma iwo akafuna kundiuza za anthu a kutchalitchi masiku ano, amayamba andisecha m'matumba, foni n'kukaitsekera m'kabati, kenako n'kubwera kudzakhala pansi n'kunena kuti, "Eya, tsopano mverani."